Azakhali Akuyankha: Chivomerezi Changa Achilembe M'buku

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi. Masabata atatu apitawa kwathu kuno kunachita chivomerezi usiku. Bedi linagwedezeka, malata analira, makapu awiri anagwa n'kusweka, khoma la kuchipinda linachita mng'alu. Kutacha ndinafufuza pa Wikipedia koma sindinapeze kanthu, ndiye ndinayamba kulemba ndekha tsamba la chivomerezicho. Mnzanga amene wakhala akulembako kwa zaka wandiuza kuti ndikungotaya nthawi, alembi ena adzalifufuta poti n'chaching'ono. Kodi kumeneko si kutinyoza ife Amalawi? Mkazi wanga naye, m'malo mondilimbikitsa, akuti ndisaiwale kulembamo kuti ndinathawira panja ndekha nditanyamula foni, iye ndi mwana n'kuwasiya m'nyumba. Kuyambira tsikulo nsima akundiikira osalankhula. Ndithandizeni.

Wogwedezeka, m'mbali mwa nyanja

Mwana wanga Wogwedezeka,

Kalata yakoyi ndaseka nayo mpaka duku kugwa. Pepa, mantha akowo sindikuwaseka, chandikomera ine ndi liwiro. Bambo wathunthu, mphunzitsi woima pamaso pa ana, nthaka yangotsokomola pang'ono iwe wanyamula foni, mkazi ndi khanda wawasiyira Mulungu! Ndiye kutacha, m'malo mokagwada kwa mayi a mwana, ukukagogoda kwa anthu a pa intaneti kuti akulembe m'buku. M'nyumba mwakomo zivomerezi zinachitika ziwiri, ndipo chachikulu ndi chimene chikukuikira nsima mwakachetechetecho.

Tiyambe ndi chaching'ono. Mnzakoyo sakunama ndipo si nsanje. Kumudzi mfumu siitanitsa bwalo chifukwa nkhuku ya wina yadya mphale pa mphasa ya mnzake. Nkhaniyo ndi yoona, mwini mphale zamupweteka ndithu, koma imathera pakhonde. Wikipedia nayo ndi bwalo, si nyuzipepala. Amene amalembako ndi anthu ongodzipereka, salipidwa, ndipo pa chochitika chilichonse amafunsa mafunso a nkhalamba: chasiya chiyani? Kodi pafa anthu? Nyumba zagwa? Kodi manyuzipepala ndi akatswiri alemba mozama, ndipo miyezi ikadutsa adzakhala akulembabe? Choti "ndinaliko, ndinaona ndi maso angawa" salandira, amafuna zimene zinasindikizidwa kale ndi anthu odalirika. Zimawawa, ndikudziwa. Koma taganiza, akanalola umboni wa aliyense, bwenzi amalume ako obwera dzandidzandi kuchokera ku kachasu akulembetsa chivomerezi Loweruka lililonse.

Nthakatu siigona, mwana wanga. Bungwe la ku America la USGS limapeza zivomerezi pafupifupi 20,000 pachaka, kutanthauza ngati 55 tsiku lililonse. Zikuluzikulu, zofika 7 pa sikelo kapena kupitirira, zimangokhala ngati 15 pachaka. Ndipo manambala a pa sikelowo asakupusitse poona kuti ayandikana. Kuchoka pa 5 kufika pa 6, mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32. Cha ku Turkey ndi Syria cha pa 6 Febuluwale 2023 chinali 7.8, ndipo chinapha anthu oposa 50,000. Iwe wataya makapu awiri. Thokoza Mulungu kuti chako chakanika kulowa m'buku, chifukwa zivomerezi zambiri zimalowamo ndi maliro.

Zoti akutinyoza Amalawi, chotsa mumtima. Ku Japan nthaka imagwedezeka kawirikawiri kuposa kuno, koma nakonso si chivomerezi chilichonse chili ndi tsamba. Ndipo zathu zimene zinasiya mabala zilimo m'Chingelezi, kayang'ane. Cha ku Salima chilimo. Chimenecho ine sindichita kuwerenga. Pa 10 Malichi 1989, cha pakati pa usiku, ndinali komweko. Chinayamba ngati lole ikudutsa kuseri kwa nyumba, kenako mtsuko wa madzi unayamba kuvina wokha pakona, dothi likuyoyoka kuchokera kukhoma kugwera pa bulangete. Anthu 9 anamwalira, pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Tinagona pansi pa mtengo wa mango, nyengo ya mvula, udzudzu ukuchita phwando. Malemu amuna anga usiku umenewo anatuluka atakumbatira wailesi, ine ndili m'mbuyo ndi ana awiri. Ndiye usaganize kuti matendawa wayamba ndiwe. Ndinawakhululukira, koma chimanga chinali chili kale m'nkhokwe.

Cha ku Karonga chilimonso. Mu Disembala 2009 nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza kwa milungu iwiri, chachikulu cha pa 19 chinafika 6.0. Anthu anayi anamwalira, nyumba zankhaninkhani zinawonongeka, makamaka za njerwa zomangira dothi. Chaka chotsatira boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Waona? Chinasintha ngakhale mmene anthu amaikira njerwa. Ndicho chimene alembi aja amafuna akamati chasiya chiyani.

Tsono sindikuti mantha ako anali achabe. Munthu ukagona umakhulupirira kuti pansi mpolimba, ndiye pansi pomwepo pakayamba kusuntha mtima umasowa pogwira. Ndikukudziwa iwe. Chimene ukufuna kwenikweni ndi munthu wina akuuze kuti inde, chinachitikadi, sunapenge, aliyense akanaopa. Ndakuuza ine azakhali ako. Mwinanso ukulimbikira kuti chilembedwe chachikulu kuti liwiro lija lioneke lanzeru. Pamenepo ndiye buku silingakuthandize.

Uchite izi. Tsamba lakolo usaling'ambe, liike pambali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sonkhanitsa zimene anena a Geological Survey a ku Zomba, zimene alemba manyuzipepala ndi a USGS: tsiku, nthawi, kukula kwake, malo amene chinayambira. Miyezi isanu ndi umodzi ikadutsa anthu akulembabe za icho, tsamba lidzaima lokha popanda iwe kulichirikiza. Akakhala chete, chiganizo chimodzi m'tsamba la boma lanulo chikwana, ngati pali umboni wosindikizidwa. Ukadzalemba wina n'kupempha kuti lifufutidwe, kawirikawiri amapereka masiku 7 oti anthu akambirane. Kumeneko upite ndi umboni. Ukapita ndi mkwiyo ubwerako ndi mkwiyo womwewo.

Ngati manja akukuyabwa kufuna kulemba, munda ulipo wosalimidwa. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma ndi yowonda ngati galu wa m'chilala. Kaone ngati za Salima ndi Karonga zilimo m'chiyankhulo chathu, ndipo ngati mulibe, lemba ndiwe. Ufotokozemonso chifukwa chake kuno kumagwedezeka: nyanja yathuyi yakhala mumng'alu waukulu wa Rift Valley, momwe nthaka ikukokana pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mnzako uja mutenge akuonetse njira, mutu umodzi susenza denga. Za usiku wakowo, za malata ndi makapu, lemba m'kope lako, ndipo ana a m'kalasi mwako uwapatse chimangirizo alembe zimene anamva. Zidzukulu zidzawerenga zimenezo ndi chidwi kuposa manambala.

Mng'alu wa khomawo usauphimbe ndi kalendala. Itana mmisiri wodziwa ntchito auone, makamaka ngati wadutsa pakona kapena pamwamba pa zenera, ndipo bedi la mwana ulichotse pamenepo lero lomwe. Chivomerezi chidzabweranso, tsiku lake palibe amalidziwa. Mugwirizane m'nyumbamo chochita: kugwada pansi, kubisa mutu kunsi kwa tebulo lolimba, kutalikirana ndi mawindo ndi makabati, ndipo kukangoleka kugwedezeka kutuluka nonse kupita pabwalo, kutali ndi makoma ndi mawaya a magetsi. Mawu akuti nonse ndawanena mokweza, wamva?

Tsopano chachikulu chija. Mkazi wakoyo sanakwiyire makapu. Usiku umenewo anatambasula dzanja mumdima kufuna mwamuna wake, n'kupeza pamalo pako pali pofunda chabe, chitseko chili pululu. Chimenecho chasiya mng'alu, ndipo mng'alu wotere ukausiya umakula mpaka kufika kwa ankhoswe. Usamuwerengere manambala a USGS, usamuuze kuti ngakhale amuna a azakhali anathawa ndi wailesi. Foniyo uizimitse, ukhale naye pansi mwana atagona, unene mawu ochepa: ndinaopa, ndinalakwa, ndikhululukire. Akalira umusiye alire. Akakuseka, seka naye, imeneyo ndiye mvula yoyamba. Makapu anasweka awiri, ukagule anayi, ndi chitenje pamwamba.

Ulendo wina nthaka ikadzatsokomola, dzanja limodzi mwana, linalo mayi ake. Kukula kwa chivomerezi a ku Zomba adzayeza okha, koma mmene unatulukira adzakumbukira ndi amene umagona naye chipinda chimodzi, ndipo buku lakelo palibe amafufutamo kanthu.

Ndine azakhali ako.