Kodi marani a kwanu amalosera za ku timu ya dziko? Mafunso ndi mayankho pa kiriketi ya tsiku limodzi

Mkanganowu wagona pati?

Dziko lililonse lodziwika pa kiriketi lili ndi mpikisano wa matimu a m'zigawo momwe timu iliyonse imapatsidwa maova 50, ova imodzi kukhala mipira 6, ndipo masewero amatha tsiku lomwelo. Ku India matimu 38 amalimbirana chikho cha Vijay Hazare, ku England matimu 18 a m'makaunti amasewera One-Day Cup, pomwe ku Australia kuli matimu 6 okha. Wosewera akawala m'mipikisano imeneyi, ochemerera amayamba kufuula kuti aitanidwe ku timu ya dziko, ndipo osankha osewera akamusiya amanenedwa kuti ali ndi tsankho. Wokonda mpira wamiyendo kuno kwathu akudziwa phokoso lomwelo, lija limabuka womwetsa zigoli wa mu Super League akasiyidwa pa ndandanda wa Flames. Maganizo a kabuku kano ndi akuti ziwerengero za m'dziko zimathandiza kudziwa woyenera kuyesedwa, koma mphamvu yake yolosera imadalira amene wosewerayo ankalimbana nawo pamene ankapeza maraniwo.

Kodi pali umboni woti amene amawala kwawo amawalanso kunja?

Ulipo, ndipo ndi wolimba kuposa momwe okayikira amavomerezera. Michael Bevan wa ku Australia anali ndi avereji ya 57.86 m'masewero onse a tsiku limodzi a matimu akuluakulu, ndipo m'masewero 232 omwe anasewerera dziko lake avereji yake inali 53.58, anapambana nawo chikho cha dziko lonse mu 1999 ndi 2003. Jasprit Bumrah anatulutsa omenya 5 mu ndime yomaliza ya chikho cha Vijay Hazare kumapeto kwa 2015, timu yake ya Gujarat n'kutenga chikhocho, ndipo mu Januwale 2016 anali kale ku Sydney akuponyera India. Koma wophunzitsa zambiri ndi Graeme Hick, munthu amene kawirikawiri amatchulidwa ngati umboni wa mbali inayo. Hick anabadwira ku Harare mu 1966, anasamukira ku Worcestershire, ndipo anadikira mpaka 1991 kuti malamulo amulole kusewerera England. M'masewero a masiku angapo anafika marani 100 maulendo 136 ndi avereji yoposa 52, koma m'masewero 65 a Test, a maiko a masiku 5, avereji yake inagwa kufika 31.32. N'chifukwa chake ambiri amati analephera. Amaiwala kuti pa kiriketi ya tsiku limodzi sanagwe chonchi: avereji yake yonse inali pafupifupi 41, ndipo m'masewero 120 a England inali 37.33, kutsika kochepa kwambiri. Bevan nayenso anavutika mu Test, kumene anasewera 18 okha ndi avereji ya 29. Anthu awiriwa akusonyeza kuti mpata wa pakati pa masewero a kwanu ndi a maiko ndi wocheperapo pa tsiku limodzi kusiyana ndi pa masiku 5, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo. Woponya mmodzi sangapitirire maova 10, mipira yolunjika kumutu ili ndi malire, ndipo ogwira mpira ambiri amaima kutali kuteteza marani m'malo mozinga womenya. Woponya Curtly Ambrose anamutulutsa Hick mobwerezabwereza mu Test za 1991 chifukwa anali ndi nthawi yokumba chofooka chake. Pa tsiku limodzi nthawi yoteroyo palibe.

Nanga bwanji ena amaswa mbiri kwawo koma kunja osachita kanthu?

Chifukwa marani sabwera ndi chizindikiro cha komwe anachokera. Mu Novembala 2022, ku Bengaluru, Narayan Jagadeesan wa Tamil Nadu anamenya marani 277 pa mipira 141, ochuluka kuposa onse omwe munthu anali atapezapo m'masewero amodzi a mtunduwu, ndipo aka kanali kachisanu motsatizana kupitirira 100. Timu yake inafika 506. Adani awo tsiku limenelo anali Arunachal Pradesh, timu yomwe inalowa m'mipikisano ikuluikulu ya India mu 2018 ndipo inatuluka yonse ndi marani 71. Palibe angachepetse luso lofunika kuti munthu afike 277, koma tsikulo silinanene chilichonse za momwe Jagadeesan angachitire ndi woponya wa liwiro la makilomita 145 pa ola, amene mpira wake umadutsa mamita 20 a pakati pa bwalo m'theka la sekondi. Amene anali ndi mbiriyo poyamba, Ali Brown wa Surrey, anamenya 268 polimbana ndi Glamorgan mu 2002, komabe m'masewero 16 a England avereji yake inali 22. Prithvi Shaw anapeza marani 827 mu Vijay Hazare ya 2021, koma m'masewero 6 a India sanafikepo 50. Timu ya m'chigawo imakhala ndi oponya oopsa mmodzi kapena awiri. Womenya wochenjera amangodziteteza kwa iwowo, n'kukadyera kwa wachinayi ndi wachisanu. Ku timu ya dziko wofooka wodyerapo amasowa, ndiponso akatswiri a makanema amakhala ataona kale phazi lomwe womenyayo amachedwa kusuntha. Apa ndi pamene matimu 6 a Australia amaposera matimu 38 a India ngati choyesera: osewera abwino akaunjikana m'matimu ochepa, masewero aliwonse amayandikira a maiko.

Kodi avereji payokha ingamunamize munthu?

Inde. Avereji imapezeka pogawa marani ndi maulendo omwe womenya watulutsidwa, choncho amene amatsala osatuluka imamukwerera. Karun Nair anapeza marani 779 ku Vidarbha mu nyengo ya 2024-25 atatulutsidwa kawiri kokha, avereji n'kukhala 389.50, nambala yosangalatsa m'nyuzipepala koma yomwe palibe angayembekezere kuti ibwerezeke. Avereji sinenanso liwiro la kupeza marani, lomwe masiku ano ndi lofunika mofanana.

Ngati zili choncho, bwanji osangodalira diso la mphunzitsi?

Otsutsa ziwerengero ali ndi nkhani yomwe amaikonda. Duncan Fletcher, amene anatsogolera Zimbabwe pogonjetsa Australia mu 1983, ali mphunzitsi wa Glamorgan mu 1999 anaona Marcus Trescothick akumenya marani 167 ku Taunton. Ziwerengero za mnyamatayo ku Somerset sizinali zodabwitsa, koma Fletcher atakhala mphunzitsi wa England anamuitana mu 2000, ndipo Trescothick anapeza 79 m'masewero ake oyamba, polimbana ndi Zimbabwe, kenako anafika marani 100 maulendo 12 m'masewero a tsiku limodzi a England. Nkhaniyi ndi yoona, koma tiyiyang'ane bwino. Chomwe Fletcher anaona chinali masewero a m'dziko omwewo, kungoti anaona momwe maraniwo anabwerera: mnyamata wosaopa mpira wothamanga, pa bwalo lomwe anzake ankavutikira. Ndiponso timakumbukira osankhidwa ndi diso omwe anapambana, n'kuiwala ambiri omwe anayesedwa kawiri katatu n'kuzimiririka. England yomweyo yaonetsa zomwe zimachitika mpikisano wa m'dziko ukanyozedwa. Kuyambira 2021 mpikisano wa The Hundred umachitika nthawi imodzi ndi One-Day Cup, ndipo umatenga osewera abwino ambiri. Harry Brook anayamba kusewerera England maova 50 mu Januwale 2023 asanasewereponso mtunduwu kwawo chiyambire 2019. A England, akatswiri a dziko lonse a 2019, anapambana masewero 3 okha mwa 9 pa chikho cha 2023 ku India n'kuthera pa nambala 7. Zifukwa zinalipo zingapo, kukalamba kwa timu kukhala chimodzi, koma n'kovuta kukhulupirira kuti kusowa pophunzirira kumanga marani kwa maova 50 kunalibe mbali.

Kodi tingadziwe bwanji kuti osiyidwawo akanalephera?

Sitingathe, ndipo apa ndi pamene umboni wonse umatsimphina. Cheteshwar Pujara anali ndi avereji yoposa 55 pa tsiku limodzi, ndipo mu 2022 anapezera Sussex marani 624, koma India inamupatsa masewero 5 okha pa moyo wake wonse, momwe anapeza marani 51. Sam Hain wa Warwickshire, mmodzi mwa a avereji yokwera kwambiri m'mbiri ya masewerowa, anapeza 89 atayesedwa koyamba polimbana ndi Ireland mu Seputembala 2023, koma sanapatsidwe mpata wokhazikika. Masewero 5 ndi ochepa moti ngakhale katswiri weniweni angaoneke wopanda pake mwa tsoka chabe. Amene amati ziwerengero za m'dziko sizilosera amawerengera anthu ngati awa ku mbali yawo, pamene mlandu wawo sunazengedwe n'komwe.

Ndiye woonera wamba aziwerenga bwanji ziwerengerozi?

Mukamva kuti wina waswa mbiri kwawo, funsani kuti ankamuponyera ndani, pa bwalo lotani, ndipo wachita zimenezi kwa nyengo zingati. Amene wawala zaka 3 kapena 4 motsatizana, kuphatikizapo polimbana ndi matimu olimba ndi m'ndime zomaliza za chikho, ngwoyenera kuitanidwa, ndipo akaitanidwa apatsidwe masewero okwanira asanaweruzidwe. Muyembekezere kuti avereji yake itsika, monga inatsikira ya Hick ndi Bevan, ndipo kutsika kwa marani 4 kapena 5 musakutche kulephera. Wa nyengo imodzi yodyera matimu ofooka ayambe wapita ku timu yachiwiri ya dziko, akakumane ndi oponya achilendo kaye.