Mita Ikakana Tokeni

Funso: Bambo mlangizi, mayunitsi atatha kabokosi kathu kolembapo manambala kanazima, ndipo tokeni imene ndagula sikakulandira. Kodi mita yafa? Ndine mayi wa ku Lilanda.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo, pakuti mita yeniyeni ili pamtengo kunjako, ndipo kabokosiko ndi mthenga chabe, wolankhula nayo kudzera m'mawaya a magetsi omwewo. Ikanimo mabatire atsopano, mukalumikize pa soketi ya pakhoma, soketiyo ndi swichi yaikulu zili zoyatsa, ndipo mulembe manambala onse 20 mofatsa, popeza kuthamanga sikufika. Ngati magetsi azima dera lonse, dikirani abwere. Koma mita ikakanabe, kapena mukamva fungo la waya wopserera, itanani a ZESCO, osati mnyamata wa m'komboni, pakuti kudula chidindo cha mita ndi mlandu.