Phunziro 9: Chosakanizira

Werengani pang'onopang'ono: cho-sa-ka-ni-zi-ra. Liwuli ndi lalitali, koma musaliope. Lachokera ku liwu limene mumalidziwa kale. Taonani: kusesa, chosesera, kutunga, chotungira, kusakaniza, chosakanizira.

Chosakanizira chimene tikunena pano ndi makina a kukhitchini oyendera magetsi. Makinawa ali ndi tizitsulo tiwiri timene timazungulira mofulumira m'mbale. Mukathiramo ufa wa tirigu, mazira, shuga ndi mkaka, tizitsuloto timasakaniza zonse mpaka kusalala. M'sitolo, pa katoni yake amalembapo liwu la Chingerezi lakuti mixer. Mukaliona, dziwani kuti ndi chomwechi.

Makinawa si a dzulo ayi. Ku America kampani ya Hobart inayamba kugulitsa a KitchenAid mu 1919. Ku Britain bambo Kenneth Wood anatulutsa a Kenwood Chef mu 1950.

Tsono apa tcherani khutu. M'Chichewa si zonse zimene timati kusakaniza. Phala timatakasa. Nsima timavundula ndi mthiko. Ufa wa mandasi timakanda. Ntchito zimenezi ndi zosiyana, ndipo nazonso zida ndi zosiyana. Chosakanizira chaching'ono, chogwira m'manja, ntchito yake ndi zofewa monga mazira ndi ufa wa keke. Mukachipatsa ufa wolimba, injini yake imatentha, mwinanso kupsa kumene, ndalama n'kupita pachabe. Kukanda ufa wa buledi kapena masikono ambiri kumafuna chachikulu chokhazika patebulo, chokhala ndi chitsulo chonga mbedza. Nanga nsima? Imeneyo musayese n'komwe. Isiyireni mthiko.

Kodi ndi chofunika kugula? Yambani mwadzifunsa ngati kwanu kuli magetsi. Mayi amene amaphika mandasi a m'beseni limodzi, manja ake ndi okwanira. Koma gulu la amayi limene limaphika makeke a ukwati lingapindule nacho, chifukwa mkono umatopa, makina satopa msanga.

Ngati muli nacho, zulani pulagi musanachotse tizitsulo tija. Musapise chala kapena supuni m'mbale makina akuzungulira. Tizitsulo tsukani ndi sopo, koma mbali ya injini musaimize m'madzi. Ingoipukutani ndi kansalu.

Tsopano tengani kope lanu. Lembani liwu lakuti chosakanizira katatu. Kenaka lembani ziganizo zitatu ndi mawu awa: kutakasa, kuvundula, kukanda.