Kompyuta yongoyerekeza ikazima mwadzidzidzi

QEMU ndi pulogalamu yopanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Ngakhale pobayira USB pake ndi pulogalamu chabe. Mu 2020 akatswiri anapezamo vuto. Malo osungira uthenga wa USB amakwana ma byte 4096 okha, koma QEMU inkasunga kaye nambala ya kukula kwa uthenga, kuyeza pambuyo. Ikaukana kuti wakula, nambala ija inkatsalabe. Uthenga wotsatira unkasefukira m'malo a zinthu zina, ngati manachesi a kuno ku Nthache atachulukira dengu, basi pulogalamu n'kuzima.

Ndiye mukamafufuza, musangoyang'ana mzere umene yazimira. Bwererani m'mbuyo ndi chida ngati gdb, mupeze mzere umene unasunga nambala yoipayo. Pa QEMU anangosintha ndondomeko: kuyeza kaye, kusunga pambuyo.