Malembo a Pamchenga

Kande ndi dera la m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi m'boma la Nkhata Bay. Munthu wochokera ku Nkhotakota pa msewu wa M5 amayamba wafika pa Kande asanafike pa Chintheche. Gombe la kumeneko lili ndi mchenga woyera ndi wosalala, ndipo chapatali pang'ono m'madzi mumaoneka chilumba chaching'ono. Anthu ambiri a ku Kande ndi Atonga. Iwo amalima chinangwa chimene amapangira ufa wa kondoole, ndiponso amapha usipa ndi nsomba zina.

Maphunziro si achilendo m'derali. Pakati pa Kande ndi Chintheche pali malo otchedwa Bandawe. M'chaka cha 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adasamukira pa Bandawe kuchokera ku Cape Maclear kumene adayambira ntchito yawo mu 1875. Iwo adatsegula sukulu, ndipo Atonga adailandira ndi manja awiri. Mmodzi mwa ana a m'derali amene adapindula ndi maphunziro a mishoniyi ndi Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Masiku amenewo mabuku ndi masileti zidali zosowa, kotero ana ambiri ankayamba kulemba ndi chala pansi. Njira imeneyi ndi yothandiza mpaka lero.

Pamudzi wina ku Kande padali mtsikana wa mu Sitandade 5 amene adali ndi mlongo wake wa zaka 5. Kudatsala miyezi yowerengeka kuti mnyamatayo ayambe Sitandade 1, koma iye ankaopa sukulu. Kunyumba ankalankhula Chitonga, pamene kusukulu adamva kuti amawerenga Chichewa. Akatsegula buku ankangoona ngati nyerere zandanda papepala.

"Achemwali, ine kusukulu sindidzapitako. Nyerere zimenezi sindingazidziwe," adatero mnyamatayo tsiku lina.

"Zimenezi si nyerere ayi, ndi malembo," adayankha mtsikanayo. "Mawa tidzapite kugombe, ukaone kuti iwenso ungathe kuwalemba."

Kulemba pamchenga

Mchenga wonyowa ndi sileti yabwino yosafuna ndalama. Tsiku loyamba mtsikanayo sadalembe lembo lililonse. Adayamba wajambula mizere yowongoka ngati nkhafi ndi zozungulira zonga mwezi wathunthu, mlongo wake nkumatsanzira. Adachita izi chifukwa malembo ambiri amapangidwa ndi mzere ndi chozungulira. Dzanja likazolowera ziwirizi, kulemba sikuvutanso.

Pambuyo pake adayamba malembo a liwu, amene ndi a, e, i, o, u. Malembowa ndiwo oyenera kuyamba nawo pakuti mawu onse a Chichewa amathera ndi limodzi mwa iwo. Mtsikanayo ankalemba lembo limodzi lokha pa tsiku, lalikulu ngati lichero. Mnyamatayo ankatsata lembolo ndi chala uku akutchula liwu lake, kenaka nkulemba lakelake pambali. Akalakwitsa ankangofafaniza ndi chikhatho nkuyambanso. Pamchenga palibe chizindikiro chofiira cha aphunzitsi, choncho mantha ake adayamba kutha.

Kuumba ndi kuluka malembo

Malembo a pamchenga sakhalitsa. Mafunde a mwera akabwera amawakokolola onse. Pofuna malembo oti asunge, awiriwo adakatapa dongo kudambo. Adalikanda bwinobwino, nachotsamo timiyala, nalikulunga kuti likhale lalitali ngati njoka. Kenaka adalipinda kuti lifanane ndi lembo limene ankafuna. Malembowo adawayanika pamthunzi masiku angapo, popeza dongo loyanikidwa padzuwa lamphamvu limang'aluka.

Agogo awo, amene ankaluka mphasa pakhonde, adaona zimenezi ndipo adawapatsa zotsalira za bango ndi mlaza. Bango lidathandiza pa malembo owongoka monga l, t ndi v, pamene mlaza, poti umapindika mosavuta, udathandiza pa o, u ndi s. Ntchito yodula ndi mpeni adaigwira agogowo, pakuti mpeni si choseweretsa cha mwana.

Tsiku lina amayi awo adawaphikira phala lochepa la ufa wa kondoole. Phala lotere likazizira limamata ngati ulimbo. Mtsikanayo adalemba malembo pa zidutswa za katoni, napaka phalalo potsata mizere, nawaza mchenga pamwamba. Zitauma, malembo adatuluka okhakhala. Mnyamatayo ankatsinzina, nkusisita lembo ndi chala, nkulitchula osaliona. Njira yofanana ndi imeneyi adaigwiritsa ntchito dokotala wina wamkazi wa ku Italy, Maria Montessori, amene adatsegula sukulu ya ana aang'ono mumzinda wa Rome mu 1907. Iye adaona kuti mwana amakumbukira msanga lembo limene walikhudza kusiyana ndi limene wangoliona.

Kuwedza malembo

Mwa masewera onse, mnyamatayo adakonda kwambiri owedza malembo. Mtsikanayo adadula katoni kukhala tinsomba, nalemba lembo limodzi pa kansomba kalikonse, namangirira kachingwe kozungulira kukamwa kwake. Tinsombato adatimwaza pabwalo mkati mwa mzere wozungulira umene ankati ndi nyanja. Mbedza idali kamtengo kokhota komangidwa ku bango. Mnyamatayo akakola kansomba ankayenera kutchula liwu la lembo lake. Akakhoza, nsombayo inkalowa m'dengu. Akalephera, inkabwerera m'madzi kuti adzaiwedzenso.

Atadziwa malembo a liwu, adawonjezera m, d ndi b. Adayamba kulumikiza tinsomba tiwiritiwiri kupanga maphatikizo: ma, me, mi, mo, mu. Tsiku lina mtsikanayo adaika a patsogolo pa ma. Mnyamatayo adatchula pang'onopang'ono, kenaka adalumpha ndi chimwemwe. Adali atawerenga mawu akuti ama, amene m'Chitonga amatanthauza amayi. Pamenepo adazindikira kuti malembo amene amalemba Chichewa ndi omwewo amene amalemba chilankhulo cha kwawo.

Tsiku limene b adasokoneza

Bambo wa anawa adali msodzi. Usiku ankapita panyanja ndi anzake kukapha usipa ndi nyali ndi ukonde wa chilimira. Madzulo ena mnyamatayo adaganiza zowadabwitsa. Adapita pafupi ndi thandala limene ankayanikapo usipa, nalemba pamchenga ndi malembo aakulu mawu amene iye ankati ndi ada, kutanthauza abambo.

M'mamawa bamboyo atakocheza bwato adaona malembowo ndipo mtima wake udagunda. Pamchengapo padalembedwa kuti aba. Adathamangira pathandala kukayang'ana usipa wake, koma adapeza uli wonse. Adafika kunyumba nkhope ili gwaa.

"Kodi ndani walemba kuti aba? Aba chiyani, nanga wakubayo ndani?" adafunsa motero.

"Pepani ada, palibe chimene chabedwa," adayankha mtsikanayo atagwada. "Mwanayu amafuna kulemba dzina lanu, koma d wamutembenukira."

Bamboyo adaseka mpaka misozi. Koma mnyamatayo adachita manyazi, nathawira kuseri kwa nyumba, nanena kuti sadzalembanso. Bamboyo adamutsatira, namunyamula. "Mwanangu, ngakhale ine ndidagubuduzapo bwato ndisanadziwe kupalasa. Malembo awiri wakhoza, latsala limodzi lokha," adatero.

Ana ambiri amasokoneza b ndi d chifukwa malembowa ndi ofanana, kungosiyana kumene ayang'ana. Mwana amadziwa kuti chikho ndi chikho ndithu ngakhale achitembenuze, tsono zimamutengera nthawi kuti amvetse kuti lembo likatembenuka limasanduka lina. Mtsikanayo adapeza nzeru. Adapanga b ndi bango ndi mlaza, naumba d ndi dongo. "Uyu ndi b wa bango, ndodo yake ili kumanzere. Uyu ndi d wa dongo, ndodo yake ili kumanja," adamuuza choncho. Patapita masiku owerengeka, bamboyo adapeza mawu akuti ada atalembedwa bwino pafupi ndi bwato lake.

Zoyenera kukumbukira

Wophunzitsa mwana wamng'ono ayenera kukhala woleza mtima. Mphindi 10 kapena 15 pa tsiku nzokwanira, ndipo mwana akatopa masewera athere pomwepo. Kukalipira kapena kumenya kumachititsa mwana kudana ndi buku. Ndi bwinonso kuyamba ndi mawu amene mwanayo amawamva tsiku ndi tsiku. Mwana asasiyidwe yekha pafupi ndi madzi, ndipo timiyala ndi njere zisalowe m'kamwa kapena m'mphuno mwake.

Tsiku lotsegulira sukulu litafika, mnyamata uja adadzuka m'mamawa osachita kudzutsidwa. Aphunzitsi atalemba a pabolodi, iye adamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake pamsika.

Mawu oyenera kuwadziwa

gombe: malo a m'mphepete mwa nyanja pamene amakocheza mabwato
nkhafi: mtengo wopalasira bwato
thandala: malo okwera oyanikapo nsomba
chilimira: ukonde waukulu wophera usipa
phatikizo: malembo otchulidwa pamodzi, monga ma kapena ba
kukhakhala: kusasalala

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Kande ali m'boma liti?
2. Kodi amishoni a Livingstonia adasamukira pa Bandawe m'chaka chiti?
3. N'chifukwa chiyani mnyamata wa m'nkhaniyi ankaopa sukulu?
4. Tchulani zinthu zinayi zimene anawa adapangira malembo.
5. N'chifukwa chiyani malembo a dongo amayanikidwa pamthunzi?
6. Fotokozani chimene chidadzidzimutsa bambo wa anawa m'mamawa uja.
7. Kodi bamboyo ankatanthauza chiyani ponena za kugubuduza bwato?

Ntchito

A. Sinthani b kukhala d m'mawu awa, ndipo mulembe chiganizo chimodzi ndi mawu atsopanowo: bala, bula, boola, mbewu.

B. Lembani mawu asanu oyamba ndi b ndi ena asanu oyamba ndi d.

C. Umbani malembo a liwu ndi dongo kapena muwapange ndi zinthu zina zopezeka kwanu. Mukaphunzitse mwana mmodzi amene sanayambe sukulu kwa sabata imodzi, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi mmene ntchitoyo idayendera.