Phunziro 17: Kukweza Galimoto

Ambiri a ife tilibe galimoto. Koma tayala likaphulika pafupi ndi mudzi, ndife amene timaitanidwa kuti tikathandize. Ana athu enanso ali ku Tete, akuphunzira umakaniko. Choncho phunziro ili ndi lathu tonse.

Galimoto ndi yolemera. Yaing'ono imakwana makilogalamu 1,000. Amenewa ndi matumba 20 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse. Pikapu monga Toyota Hilux imayandikira makilogalamu 2,000 isananyamule kanthu. Palibe chifuwa cha munthu chimene chingasenze katundu wotere.

Mu mzinda wa Tete, ku Josina Machel ndi madera ena, timaona amakaniko akugwira ntchito pabwalo. Galimoto amaikweza ndi jeki. Ena amati makako, dzina lochokera ku Chipwitikizi. Jeki ndi wabwino, koma ntchito yake ndi kukweza basi. Kugwira galimoto kuti ikhale m'mwamba ndi ntchito ya chinthu china.

Chifukwa chake ndi ichi. M'kati mwa jeki wopopa muli oyilo. Chimene chimatsekera oyiloyo ndi kamphira kakang'ono. Kamphirako kakatha, oyilo amadutsa, ndipo jeki amatsika yekha. Sachenjeza munthu. Kodi tingaike mutu wathu pansi pa matumba 40 podalira kamphira?

Dothi nalonso limanyenga. Pa mchenga jeki amatitimira. Pa matope amaterereka. Ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale phula la mumsewu limafewa. Tsono tisankhe malo olimba, osatsetsereka, ndipo pansi pa jeki tiike thabwa lochindikala.

Tisanakweze, anthu onse atsike. Tizime injini, tilowetse giya yoyamba, tikoke buleki ya pamanja. Koma taonani: m'magalimoto ambiri buleki imeneyi imagwira matayala akumbuyo okha. Tikakweza kumbuyo, galimoto ingathe kuyenda. Ndiye tiphinge matayala otsala pansi ndi zipika kapena miyala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manati tiyambe tawamasula pang'ono galimoto ikadali pansi, pakuti kulimbana ndi sipanala galimoto ili m'mwamba kumaigwedeza. Jeki timuike pa chitsulo cholimba chimene opanga galimoto anakonzera ntchitoyi. Pansi pa injini pali chitini cha oyilo. Pamenepo ayi, chimaphwanyika.

Galimoto yakwera. Tsopano tiichirikize. Zabwino koposa ndi masitandi achitsulo. Ngati palibe, tigwiritse zipika zophwatalala za mtengo wolimba monga tsanya, umene ndi wochuluka m'chigwa cha Zambezi. Tizigoneke chogoneka, tisaziimike. Njerwa ndi mabuloko a simenti tizikane. Ambiri amazikonda chifukwa zili pafupi, koma mtengo umayamba walira usanathyoke, pamene buloko limasweka kamodzi n'kamodzi. Tayala limene tachotsa tiligoneke pansi pa galimoto. Kenaka titsitse jeki pang'ono mpaka galimoto itakhala pa chochirikizacho, tiikankhe ndi manja. Ikagwedera, tiyambirenso.

M'magalaja akuluakulu muli makina okwezera a nsanamira ziwiri. Nsanamira iliyonse ili ndi mikono iwiri, ndipo mikono inayiyo imalowa pansi pa galimoto n'kuinyamula mpaka munthu kuimirira kunsi kwake. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wakweza pang'ono, matayala kungochoka pansi. Amaima, amayang'ana mikono yonse inayi, amaigwedeza galimotoyo. Pokwera makinawo amalira kuti kha! kha! Zimenezo ndi zokowera zachitsulo. Akafika pamene akufuna, amatsitsa pang'ono kuti galimoto ikhale pa zokowerazo, isadalire oyilo. Lamulo lake ndi lomwe lija la jeki.

Pali ngozi ina imene ophunzira amaiiwala. Amayi amaidziwa bwino. Mtolo wa nkhuni ukakhala pamutu, wina n'kusolola nkhuni za kutsogolo, mtolowo umapendekera kumbuyo. Galimoto nayonso imatero akaichotsa injini kapena giyabokosi ili m'mwamba. Asanachotse, aichirikize kumbuyo ndi sitandi yaitali.

Makina amenewa si oimika pabwalo la pakhomo. Nsanamira zake zimamangidwa ndi mabawuti pa konkire wolimba, wochindikala masentimita 10 kapena kuposa. Pa dothi kapena pa simenti yopyapyala zimazuka.

Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu muno timachirikiza galimoto ndi chiyani?
2. Dalaivala akuti, "Lowani msanga, jekiyu ndi watsopano." Timuyankha chiyani?
3. Galimoto ikulemera makilogalamu 1,500. Amenewa ndi matumba angati a makilogalamu 50?

Tilembe m'kope: jeki, chipika, tsanya, nsanamira.