Chiwongolero cha Thirakitala Chikavuta: Yambani ndi Oyilo

Kabuku kano ndi ka mabanja ndi makalabu a alimi amene ali ndi thirakitala, kapena amene amaibwereka pa nyengo yolima. Chiwongolero chikayamba kulemera, ambiri amathamangira kumasula zitsulo zodula. Chonsecho mavuto ambiri amayambira pa oyilo wochepa, oyilo wakuda, mpweya wolowa m'mapaipi, kapena girisi amene sanathiridwe. Mukadziwa mmene chiwongolero chimagwirira ntchito, mudzadziwa poyambira.

Mmene chimagwirira ntchito

Mathirakitala akale, monga Massey Ferguson 135 ambiri, amakhota ndi mphamvu za manja a dalaivala kudzera m'zitsulo zolumikizana. Ena ali ndi zitsulozo, koma oyilo amathandizira kukankha. Ambiri a masiku ano alibe chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi matayala, ndipo ntchito yonse imagwiridwa ndi oyilo. Mtundu umenewu ndi umene tikufotokoza pano.

Injini ikalira, imazunguza pampu. Pampuyo imakoka oyilo m'thanki ndi kumukankhira ku kabokosi kachitsulo kamene kali pansi pa chiwongolero. Amakaniko amakatcha orbitrol. Mukapanda kukhudza chiwongolero, pa mathirakitala ambiri oyilo amangodutsa n'kubwerera kuthanki. Mukachipotokola, kabokosiko kamayeza oyilo molingana ndi mmene mwapotokolera, n'kumutumiza mbali imodzi ya silinda ya kumatayala akutsogolo. Pisitoni ya m'silinda imasuntha, matayala n'kukhota, ndipo oyilo wa mbali inayo amabwerera kuthanki.

Pa kabokosika nthawi zambiri pamakhala zilembo 4. P ndi polowera oyilo wa kupampu, T ndi pobwerera kuthanki, L ndi kumanzere, R ndi kumanja. Mukasinthanitsa mapaipi a L ndi R, thirakitala imakhotera kumanja inu mukuwongolera kumanzere. Choncho mangirirani kachingwe kapena lembani chizindikiro pa paipi iliyonse musanaimasule.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kukudetsani nkhawa. Choyamba, chiwongolero cha mtunduwu sichibwerera pamalo amodzimodzi nthawi zonse matayala akawongoka. Chachiwiri, mukakhotetsa mpaka pamapeto mumamva kulira. Imeneyo ndi valavu yotulutsa mphamvu ikachuluka. Mukamva kulirako bwezani dzanja pang'ono, chifukwa kukakamira pamenepo kumatenthetsa oyilo ndi kutopetsa pampu.

Musanagwire sipanala

Oyilo wa chiwongolero amakankhidwa ndi mphamvu yoposa 100 bar pa mathirakitala ambiri, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar basi. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ngati ka singano amatha kuboola khungu. Musafufuze podontha ndi chala. Gwiritsani ntchito chidutswa cha katoni. Oyilo akalowa m'thupi, balalo limaoneka laling'ono, koma mnofu wam'kati umawonongeka msanga mpaka munthu kuduka chala kapena dzanja. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo muwauze adokotala kuti ndi oyilo wa haidiroliki amene walowa.

Imitsani thirakitala pamalo athyathyathya, tsitsani pulawo pansi, zimitsani injini, chotsani kiyi, ikani miyala kumatayala akumbuyo. Mukanyamula kutsogolo ndi jeke, chirikizani ndi zitsulo zochirikizira kapena matabwa ochindikala. Ana asayandikire.

Chiwongolero chikalemera

Tsatani ndondomeko iyi, kuyambira pa zosalira ndalama:

1. Onani mpweya wa matayala akutsogolo. Tayala lophwa limalemeretsa chiwongolero ngakhale zina zonse zili bwino.
2. Onani mlingo wa oyilo. Mathirakitala ena ali ndi kathanki kakekake ka chiwongolero, ena amatenga oyilo wa m'giyabokosi.
3. Thirani girisi pa ma kingpin (zitsulo zimene matayala akutsogolo amakhoterapo) ndi molumikizira monse. Kingpin youma imagwira, ndipo anthu amanamizira pampu.
4. Onani fyuluta. Ikatsekeka, pampu imasowa oyilo.
5. Ngati pampu yanu imayendera lamba, onani ngati lambayo sakuterereka.

Zindikiraninso nthawi imene vutolo likubwera. Chikamalemera injini ikulira pang'onopang'ono, n'kupepuka mukawonjezera moto, kawirikawiri pampu yatha. Chikamayenda bwino m'mawa n'kulemera oyilo akatentha, ndiye kuti oyilo akuzemba m'kati mwa pampu kapena mwa silinda. Chikamalemera mbali imodzi yokha, kayikirani silinda, paipi yopindika, kapena chitsulo chogwira mbali imeneyo.

Oyilo amanena zambiri

Tsegulani kathanki muone. Oyilo wa thovu walowa mpweya, ndipo nthawi zambiri mpweyawo umalowera pa paipi yochokera kuthanki kupita kupampu. Paipi imeneyi imatha kukoka mpweya popanda kudontha, choncho mangitsani zomangira zake ndipo onani ngati sinang'ambike. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Zimenezi zimachitika kwambiri thirakitala ikamagona pamvula kapena ikamatsukidwa pamtsinje. Oyilo wakuda, wonunkha kupsa, watenthedwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira, pampu ikudyeka. Imitsani ntchito, chifukwa tizitsuloto tikafika mu orbitrol tiwononganso kumeneko.

Thirakitala ikamayenda mokhotakhota

Ngati mukuvutika kuwongola mzere polima, yambani mwagwedeza matayala akutsogolo mutawanyamula. Ma ball joint otha, mabering'i a matayala kapena mapini a silinda ogwedera amachititsa zimenezi. Zonsezi zikakhala zolimba, yesani izi: injini ikulira, khotetsani mpaka pamapeto, kenaka pitirizani kukankha chiwongolero pang'ono kwa kanthawi kochepa. Chiyenera kuima, kapena kuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Chikamangozungulira mosavuta, oyilo akudutsa pa mphira ya pisitoni m'silinda, kapena m'kati mwa orbitrol. Uzani amakaniko ayambe ayesa silinda, chifukwa mphira zake n'zotsika mtengo kusiyana ndi orbitrol.

Kuchotsa mpweya

Mukasintha paipi, fyuluta kapena oyilo, m'mapaipi mumatsala mpweya, ndipo chiwongolero chimanjenjemera kapena kuchedwa kumva. Dzazani oyilo mpaka pamlingo, nyamulani matayala akutsogolo, lizani injini pang'onopang'ono, n'kumakhotetsa kumanzere ndi kumanja mpaka pamapeto kangapo, mosathamanga. Muzionjezera oyilo mlingo ukamatsika. Pitirizani mpaka thovu litatha.

Injini ikazima muli pamsewu

Kabokosi ka orbitrol kamatha kupopa oyilo ndi mphamvu ya manja anu, choncho mathirakitala ambiri amakhotabe, koma molemera kwambiri. N'chifukwa chake simuyenera kuzimitsa injini potsetsereka pofuna kusunga dizilo. Pokoka thirakitala yowonongeka, yendani pang'onopang'ono. Paipi ikaphulika, oyilo n'kutha, chiwongolero chimangozungulira chokha. Paipi yotupa kapena yoonekera waya isinthidwe tsiku lomwelo, osati kukulungidwa ndi mphira ya chubu.

Kasamalidwe

Thirani oyilo amene buku la thirakitala yanu likunena. Musathire oyilo wa mabuleki, amawononga mphira. Pewani oyilo wopimidwa m'mabotolo osatsekedwa, amene simukudziwa kumene achokera. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene minda ikulimidwa youma, fumbi limachuluka. Pukutani chitsekerero musanatsegule, ndipo fanelo muziisunga m'pepala lapulasitiki.

Ntchito ziwiri asiyireni amakaniko okhala ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo: kusintha valavu yotulutsa mphamvu, ndi kumasula orbitrol. Zitsulo za m'kati mwake n'zothinana kwambiri moti kamchenga kamodzi kamatha kuzigwiritsa, choncho isamasulidwe pansi pa mtengo.

A kalabu, sankhani munthu mmodzi woona oyilo, matayala ndi mapaipi m'mawa uliwonse thirakitala isananyamuke. Akhale ndi kope lolembamo tsiku limene mwasintha oyilo ndi fyuluta, mtundu wa oyiloyo, ndi maola amene ali pa mita. Mukapita kwa amakaniko, nyamulani kopelo.